Nkhondo ya Chiwaya ndi amtengatenga amene tinawaiwala

Pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba pali nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi, chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles. Mu Novembala chaka chilichonse akuluakulu amaika nkhata zamaluwa pa zikumbutso ngati chimenechi, lipenga n'kulira. Koma nkhani ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ndi ochepa amene angaifotokoze.

Inafika kuno msanga. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Guendolen, inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padoko ku Sphinxhaven, komwe lero kumatchedwa Liuli. Pa 9 Seputembala Ajeremani anaukira Karonga ndipo anabwezedwa. Magazi a ku Karonga ndiwo anachititsa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka akufera mkangano wa eni ake.

Kuyambira 1916 gulu la General Edward Northey linalowa m'dziko la Ajeremani, lomwe pano ndi Tanzania, kulondola mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck. Misewu kunalibe, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Choncho ufa, zipolopolo ndi mizinga, zonse zinayenda pamitu pa anthu. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anayandikira 200,000. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo ena ankachita kugwidwa usiku m'nyumba zawo. Chimene chinawatha si mfuti kwenikweni ayi, koma njala, kamwazi, malungo ndi chibayo. Kumudzi minda inasowa olima.

Lettow-Vorbeck sanagwidwe. Anazungulira mu Mozambique, n'kulowa Northern Rhodesia, ndipo anatula zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918, ku Ulaya nkhondo itatha kale masabata awiri. Opulumuka anabwerera kwawo nthawi yomwe chimfine choopsa cha chaka chimenecho chinkapulula anthu m'midzi.

Msilikali anali ndi nambala ndi yunifolomu, ena analandira mamendulo. Wamtengatenga akagwa panjira ankakwiriridwa pomwepo, katundu wake n'kusenzetsedwa wina, ndipo manda a ambiri mwa iwo sadziwika mpaka lero. Okonza mwambo wa Novembala aziwatchula nawonso.