Maziko a Chikhulupiriro ndi Kukhwima kwa Mkhristu

Kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 6, imatchula ziphunzitso zimene imati ndi maziko: kulapa, kukhulupirira Mulungu, maubatizo, kusanjika manja, kuuka kwa akufa ndi chiweruzo chosatha. Akhristu ambiri a kuno amakumana ndi mawu amenewa ali achichepere, m'kalasi ya ubatizo kapena ya ulimbitso, pomwe mkulu wa mpingo kapena katekisiti amaponya funso, ana n'kuyankhira pamodzi zimene aloweza. Akangoyamba kudya Mgonero, ena amayesa kuti maphunziro atha. Ena amene ludzu silinawathere amapita kukasaka zimene amati zakuya: maulosi, mavumbulutso, mafuta odzozedwa a m'timabotolo. Onsewa akuona maziko ngati za ana, ndipo ndi pomwe kukula kwawo kumaimira.

Amene amathamangira zakuya ali ndi poyambira, chifukwa kalata yomweyo imauza owerenga kuti asiye zoyambazo apite patsogolo. Koma mmisiri amasiya maziko poyala njerwa pamwamba pake, ndipo khoma likamakwera ndi pamene mazikowo amasenza kwambiri. Ndime zotsiriza za mutu 5 zimanena kuti wokhwima ndi amene, pozolowera kuchita, wafika posiyanitsa chabwino ndi choipa. Muyeso wake ndi kuzindikira, ndipo mphatso zokha sizikwanira. Mpingo wa ku Korinto sunasowe mphatso iliyonse, komabe Paulo, pa mutu 3 wa kalata yake yoyamba, anawatcha makanda chifukwa cha kaduka ndi ndewu, wina akudzitcha wa Paulo, wina wa Apolo. Simoni wa ku Samariya, pa Machitidwe 8, anakhulupirira n'kubatizidwa, koma ataona atumwi akusanjika manja anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petro anamubwezera ku chiphunzitso choyambirira chenicheni, kulapa.

Mawu awiri amene amasokonezedwa kwambiri ndi kuyesedwa wolungama ndi chiyeretso. Oyambawo akunena za chisomo: Mulungu amalandira wochimwa chifukwa cha Khristu, munthuyo asanachite kanthu koyenera mphoto. Chiyeretso ndi ntchito ya Mzimu Woyera yosintha mtima, lilime ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, ndipo imatenga moyo wonse. Wogwira choyamba chokha amati anapulumutsidwa kale, n'kumapitiriza kubera pa sikelo ku msika. Wogwira chachiwiri chokha amakhala ndi mantha osatha, kuwerengera masiku amene wasala kudya ngati akubweza ngongole, ndipo ndi iyeyo amene amagwa msanga m'manja mwa aliyense wogulitsa madalitso. Katekisma wa Heidelberg wa 1563, wa mafunso 129, anasanja bwino nkhaniyi m'zigawo 3: tsoka la munthu, chipulumutso chake, kenako kuyamika. Ntchito zabwino anaziika m'chigawo chachitatu, monga zipatso za munthu wolandiridwa kale.

Ena amati ziphunzitso zimangogawanitsa anthu, chofunika ndi chikondi basi. Magawano alipodi, ndipo Akatolika ndi Apulotesitanti akhala akufotokoza kuyesedwa wolungama mosiyana kuyambira masiku a Martin Luther. Koma pamene Akatolika ndi Alutherani anasainirana mgwirizano pa nkhaniyi ku Augsburg mu 1999, anafika pamenepo chifukwa chokhala pansi zaka zambiri n'kumasanthula mawuwo mosamala. Kuwathawa sikukanawayanjanitsa. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 nawonso unalimbana ndi Arius pa funso loti Mwana ndi Mulungu weniweni kapena cholengedwa, chifukwa yankho lake ndi limene limanena amene Mkhristu akumupembedza akagwada.

Chotsutsa cholemera kuposa chimenechi ndi cha agogo osadziwa kuwerenga, amene sanamvepo za Nicaea koma ndi okhwima kuposa ambiri a madigiri. Izi n'zoona, ndipo zikutsimikiza mfundo yomweyi. Tawaonani pa siwa, mdzukulu wawo atagona m'bokosi, achibale akunong'onezana kuti pali dzanja la munthu ndipo apite kwa sing'anga akaombeze. Agogowo akakana, n'kunena kuti mwanayo adzauka ndipo woweruza ndi Mulungu yekha, akugwiritsa ntchito ziphunzitso ziwiri zotsiriza za pa Ahebri 6. Anazimva m'nyimbo, m'maulaliki ndi m'Buku Lopatulika limene lakhala likuwerengedwa mokweza m'matchalitchi kuyambira 1922, ndipo tsiku limenelo zateteza mayi wina wa m'mudzimo amene akanalozedwa chala kuti ndi mfiti. Mipingo imene imatseka kalasi munthu akangobatizidwa iyenera kuitsegulanso kwa akuluakulu, kuti mafunso aja oloweza afunsidwe kachiwiri kwa anthu amene tsopano ali ndi ngongole, mabanja ndi maliro.