Chiyambi cha malonda a m'makomboni a Lusaka

Malonda ang'onoang'ono a m'makomboni a Lusaka anabadwa limodzi ndi makomboniwo, ndipo zonsezi zinayamba boma lisanazivomereze. Pamene Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, atsamunda ankaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni. Ankayenera kuyenda ndi chitupa, kugwira ntchito ya mzungu, ndi kubwerera kumudzi ntchito ikatha. Nyumba za khonsolo, monga za ku Matero zomwe zinamangidwa m'zaka za m'ma 1950, zinali za anthu olembedwa ntchito. Ena onse ankalipira lendi ya malo m'mafamu a azungu ozungulira mzindawo n'kudzimangira nyumba zazidina. N'chifukwa chake makomboni angapo amadziwika ndi maina a eni malo akalewo, monga George, John Laing ndi John Howard. Chawama nayo poyamba inkatchedwa Roberts.

Amene analibe ntchito ya pamwezi anadzipezera okha chochita. Amayi ankafulula mowa ndi kutcheza kachasu ngakhale lamulo linkaletsa, pakuti khonsolo inkafuna kuti ndalama za mowa zizilowa m'mabala ake okha. Amuna ankasoka zovala pakhonde, kukhoma zidebe ndi mbaula, kukonza njinga ndi kugulitsa makala. Luso linkaphunziridwa poyang'ana manja a malume kapena a mnansi, popanda setifiketi iliyonse.

Zambia italandira ufulu mu 1964, chitupa chinatha ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Koma maso a boma la Kenneth Kaunda anali pa makampani akuluakulu a boma. Ku Matero komweko ndi kumene Kaunda analengeza mu 1969 kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi ya mkuwa. Wamalonda wamng'ono sankawerengedwa, ndipo m'misika yambiri malo ogulitsirapo ankapezeka kudzera m'chipani cha UNIP. Lamulo la nyumba la 1974 linalola anthu a m'makomboni ena kulandira ziphaso zokhalira pamalo awo kwa zaka 30, ndipo ngongole ya World Bank inabweretsa mipopi ndi misewu ku George ndi ku Chawama. Nyumba zinavomerezedwa motero, koma ntchito zochitikira kuseri kwa nyumbazo zinapitirirabe popanda laisensi.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, shuga, sopo ndi mafuta ophikira zinayamba kusowa m'masitolo a boma. Anthu ankaima pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo anyamata ogulitsa fodya ndudu imodziimodzi, otchedwa a mishanga, anayamba kugulitsanso zinthu zosowazo pamtengo wawo. Boma linkawatcha akatangale. Ku Kalingalinga ntchito zamanja zinazika mizu: akalipentala, owotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko, oumba mabuloko, ndi amayi ophwanya miyala ndi nyundo tsiku lonse padzuwa. Katundu wawo amayalidwa m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ndipo nyumba zambiri za m'madera a anthu olemera zamangidwa ndi miyala ndi zitsulo zochokera kumeneko.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1991, Frederick Chiluba atalowa m'boma. Makampani a boma anagulitsidwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo tuntemba, timashopu ta matabwa ndi malata, tinamera m'misewu yonse. Zovala zakaunjika zotchedwa salaula zinadzaza msika wa Soweto. Ufa unayamba kugulitsidwa m'timapaketi totchedwa pamela, tokwanira nsima ya tsiku limodzi, chifukwa wogulitsa ankadziwa bwino thumba la mnansi wake. Mpamba sunkachokera ku banki, popeza banki inkafuna chikole chimene munthu wa ku Kanyama kapena ku Mtendere analibe. Unkachokera ku chilimba, pomwe anthu odziwana amasonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana, kapena ku kaloba, ngongole yachiwongoladzanja chachikulu imene yagwetsa ambiri. Chilimba chimadalira mbiri ya munthu pakati pa anzake, ndipo wothawa ndi ndalama savomerezedwanso m'gulu lina.

Boma lakhala likusinthasintha maganizo pa amalondawa. Chiluba anawatsegulira desiki yawo ku State House, koma mu April 1999 apolisi ndi khonsolo anagumula tuntemba pakati pa mzinda. Kolera itabuka, asilikali anachotsanso ogulitsa m'misewu kumayambiriro kwa 2018, ndipo ku Kanyama kunachitika zipolowe. Nthawi zonsezi ogulitsawo anabwerera patapita miyezi kapena zaka zochepa.

Lero pambali pa tuntemba pali timabokosi totumizirako ndalama ta Airtel ndi MTN, malo ometerako tsitsi ndi okonzerako mafoni. Vuto lalikulu la owotcherera zitsulo ndi ometa lakhala magetsi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku damu la Kariba, ambiri ankagwira ntchito usiku, pa maola ochepa amene kampani ya Zesco inkayatsa magetsi.