Wakuba amene timamuombera m'manja

Pa 13 Epulo 1958, oonera kanema ku America anaona mayi akupha mwamuna wake ndi mwendo wa nkhosa. Seweroli linali la pulogalamu ya Alfred Hitchcock Presents, lochokera m'nthano ya Roald Dahl. Mary Maloney ndi woyembekezera, ndipo mwamuna wake, yemwe ndi wapolisi, wafika kunyumba n'kumuuza kuti akumusiya. Mary akutenga nyama youma gwaa m'firiji n'kumukhoma nayo m'mutu. Kenako akuiotcha, ndipo apolisi odzafufuza mlandu akudya chida chomwe akhala akuchifunafuna usiku wonse. Sewero litatha, Hitchcock anatulukira n'kuuza oonera kuti mayiyo anadzagwidwabe: anayesanso njira yomweyo pa mwamuna wachiwiri, koma bamboyo anali ataiwala kuyatsa firiji, nyama n'kukhala yofewa.

Hitchcock ankachita nthabwala, koma nthabwalayo inkakwaniritsa lamulo. Kuyambira pa 1 Malichi 1952, nyumba za kanema za m'dzikolo zinkatsata malamulo otchedwa Television Code, amene bungwe lawo lomwe linadzilembera poopa kuti boma lingawalembere ena okhwima. Malamulowo ankati uchigawenga uzionetsedwa ngati chinthu choipa chosayenera kumveredwa chisoni, njira zopalamulira milandu zisamafotokozedwe mwatsatanetsatane, ndipo apolisi azipatsidwa ulemu. Sewero la Dragnet, lomwe linafika pa kanema mu 1951, linali mwana womvera wa maganizo amenewa. Nkhani zake zinkachokera m'mafayilo a polisi ya Los Angeles, ndipo gawo likamatha ankaonetsa nkhope ya wopalamula uku mawu akulengeza chilango chake. Kamera inkayenda pambuyo pa wapolisi Joe Friday, moti wakuba tinkakumana naye ali kale woganiziridwa. Funso linali limodzi lokha: waphwanya lamulo ndani?

Mbiri ya zaka makumi asanu ndi awiri zotsatira ndi ya momwe funso limeneli linasinthira. Olemba masewero anazindikira kuti woonera angathe kukhululukira wakuba kapena wakupha malinga ngati amusankhira bwino woberedwa ndi wophedwa.

Phunziroli linayambira pa munthu wakale kwambiri. Mu 1953, mayi wina wa m'bungwe loona za mabuku a sukulu ku Indiana anapempha kuti nthano ya Robin Hood ichotsedwe m'masukulu, ati kulanda olemera n'kupatsa osauka ndi chiphunzitso cha chikomyunizimu. Patangotha zaka ziwiri, sewero la The Adventures of Robin Hood linayamba kuulutsidwa ku Britain ndi ku America komwe. Analikonza ndi Hannah Weinstein, ndipo ena mwa olemba ake, monga Ring Lardner Jr., anali anthu omwe Hollywood inawaletsa ntchito powaganizira kuti ndi achikomyunizimu, choncho ankalemba pogwiritsa ntchito mayina abodza. Robin ankaba mlungu uliwonse ana akuonera, ndipo zinkaloleka chifukwa olandidwa anali okhometsa misonkho a Prince John, amene ankafuna kulanda mpando wa mfumu Richard. Wakubayo anali wokhulupirika kwa mfumu yeniyeni. Mu 1968 sewero la It Takes a Thief linabwereza nzeru yomweyo: mbava Alexander Mundy ikutulutsidwa m'ndende kuti izikabera boma la America zinsinsi za adani. Kuba kunkaloledwa ngati kuli ndi chidindo cha wolamulira woyenera.

Nkhani ya kudziteteza inali yovuta koposa, chifukwa malamulo a m'makhoti ali ndi muyeso wake. M'maiko ambiri otsata malamulo ochokera ku England, wopha mnzake podziteteza ayenera kusonyeza kuti ngozi inali pomwepo, komanso kuti mphamvu yomwe anagwiritsa ntchito siinapyole muyeso. Olemba masewero akale ankalemekeza muyeso umenewu poonetsetsa kuti chigawenga ndicho chiyambe kusolola mfuti. Koma mu Okutobala 1984, NBC inaonetsa The Burning Bed, Farrah Fawcett akusewera ngati Francine Hughes wa ku Michigan. Mayiyu, atamenyedwa zaka 13, anathira petulo mozungulira bedi lomwe bamboyo anagona pa 9 Malichi 1977, n'kuyatsa moto, kenako anatenga ana ake n'kukadzipereka kupolisi. Munthu wogona sangakhale ngozi ya pomwepo, ndipo khoti linamumasula ponena kuti mutu wake sunkayenda bwino panthawiyo. Filimuyo inatenga nthawi yaitali kuonetsa zaka 13 zija: apolisi akubwera n'kubwerera chimanjamanja, achibale akumuuza kuti apirire. Pofika usiku wa motowo, woonera anali atadziwa zomwe muyeso wa lamulo sunkawerengera, zakuti kwa mayi wotere ngozi imagona naye m'nyumba. Makhoti nawo anayamba kusuntha m'zaka zimenezo. Mu 1990 khoti lalikulu la Canada, pa mlandu wa Lavallee, linavomera kuti akatswiri azifotokozera oweruza momwe nkhanza za nthawi yaitali zimasinthira kaonedwe ka ngozi.

Apo n'kuti Television Code itafa kale. Inathetsedwa mu 1983, boma litasumira bungwe la nyumba za kanema pa nkhani ya malire a nthawi yotsatsa malonda, nkhani yosakhudzana n'komwe ndi makhalidwe. Kenaka kunakula nyumba ngati HBO, zomwe ndalama zake zimachokera kwa olembetsa, choncho sizinkaopa kukhumudwitsa otsatsa sopo. Kumeneko n'kumene kunabadwira The Wire mu 2002, lolembedwa ndi David Simon, yemwe kale anali mtolankhani wa Baltimore Sun, pamodzi ndi Ed Burns, yemwe anali wapolisi wofufuza milandu. Omar Little wa m'seweroli amalanda ndalama ndi mankhwala ozunguza bongo kwa ogulitsa okha, saloza mfuti munthu wamba, ndipo amaperekeza agogo ake kutchalitchi. Ali m'khoti, loya wa zigawenga atamunena kuti amadyera pa malonda oononga anthu, Omar anamuyankha kuti onse awiri amadya mbale imodzi, kungoti wina amanyamula mfuti pomwe mnzake amanyamula chikwama cha mapepala. Oonera anamukonda kwambiri. Koma olembawo sanalole kuti chikondicho chikhale chaulere. Mtsikana wa m'gulu la Omar atafa pa kuomberana, wapolisi Bunk anapeza ana akulimbirana kuti ndani asewere ngati Omar, ndipo anamudzudzula maso ndi maso. Pamapeto Omar anaomberedwa m'sitolo ndi kamnyamata, mmodzi wa ana aja.

Breaking Bad, lomwe linayamba mu 2008, linasonyeza momwe mawu akuti kudziteteza amatanukira ngati legeni. M'gawo loyamba, mphunzitsi Walter White akuthira mpweya wapoizoni anthu awiri omwe amuloza mfuti. Apo ngozi inali pomwepo. Mmodzi, Krazy-8, akupulumuka, ndipo akumangidwa pakhosi ndi loko wa njinga m'chipinda chapansi. Walter akukhala pansi n'kulemba papepala zifukwa zomusiyira moyo ndi chifukwa chimodzi chomuphera, chakuti akamasulidwa adzapha banja lake. Atatsala pang'ono kumumasula, akuzindikira kuti chibenthu cha mbale yosweka chasowa, kusonyeza kuti womangidwayo wachibisa kuti amubaye. Akumupotokola khosi. Chibenthucho ndi mphatso ya olemba kwa woonera, kuti asataye Walter msanga. Koma munthu amene wamanga mnzake masiku angapo, ali ndi mpata woitana apolisi n'kusaitana poopa kuti malonda ake aululika, sanganene kuti anasowa pothawira. Kuchokera pamenepo imfa iliyonse Walter ankaitcha kuteteza banja, mpaka m'gawo lomaliza mu 2013 pomwe anavomera kwa mkazi wake kuti zonsezo ankachitira iye mwini.

Sewero la ku Spain la La Casa de Papel, lomwe linayamba mu 2017 pa Antena 3 lisanafalikire dziko lonse kudzera pa Netflix, linafikitsa nzeru yosankha woberedwa pamapeto ake pomuchotseratu. Mbava zake zikulowa m'nyumba yosindikizira ndalama ku Madrid n'kumadzisindikizira ma euro atsopano. Mtsogoleri wawo, Profesa, akuti sakubera aliyense, popeza banki yaikulu ya ku Ulaya nayo inapanga ndalama zochuluka n'kupatsa mabanki popanda woitcha mbava. Ku Spain, komwe anthu anali atangotuluka m'mavuto a zachuma amene analanda mabanja ambiri nyumba, mfundoyi inagwa m'nthaka yachonde. Komabe m'nyumbamo munali anthu 67 ogwidwa ukapolo, ena ana asukulu, ndipo mtsikana wina anagonjera zofuna za mbava Berlin chifukwa cha mantha. Seweroli limaonetsa zonsezi, koma limapatsa mbava mayina okoma, nkhani za chikondi ndi nyimbo, pomwe mwa ogwidwawo woonekera kwambiri, Arturo, linamujambula ngati munthu wamantha ndi wonyansa, kuti tisamumvere chisoni.

Ife oleredwa ndi nthano za Kalulu sitidabwa ndi wochenjera amene amamwa pachitsime chomwe anakana kukumba, ana n'kumaseka. Wofotokoza nthano amadziwa kuti omvera amatsata amene akhala naye nthawi yaitali. Kanema wachita chimodzimodzi. Mu 1951 tinkayenda ndi wapolisi, lero timayenda ndi wopalamula, ndipo m'nyengo zonse ziwiri chiweruzo chathu chimatsata amene tamuonera pafupi. Phindu lake ndi lenileni: popanda kusinthaku, nkhani ngati ya Francine Hughes ikadangokhala ya mayi wootcha munthu ali m'tulo. Choopsa chake n'chakuti mtsutso wa pabalaza, wakuti Omar kapena Walter analakwa kapena ayi, timaupanga ndi umboni womwe wolemba anatisankhira kale.

N'chifukwa chake munthu yemweyo angathe kuombera m'manja Profesa usiku, m'mawa n'kutola mwala pamsika akamva mfuu yakuti "Wakuba!" Gulu lomwe lazinga mnyamata woganiziridwa kuti waba foni nalo limati likudziteteza, popeza akapita kupolisi mawa abwerera. Mnyamatayo wagona pansi, alibe chida, ndipo muyeso wa khoti wakuti ngozi ikhale pomwepo sungavomereze tayala ndi petulo. Za Omar tikudziwa agogo ake, za Walter tikudziwa matenda ake a khansa. Za mnyamata wa pamsika palibe amene anaonera gawo loyamba, ndipo ambiri mwa omumenyawo sanaone ngakhale foniyo.