Ulendo

Mawu akuti ulendo, amene ali pachibale ndi mlendo, makolo athu sanali kuwatchula ponena za mtunda wokha umene munthu aponda, koma ankatanthauzanso anthu eni akewo oyenda pamodzi, katundu ali pamutu, kotero kuti mlonda akaona fumbi patali ankati, ulendo ukudza. Ku Feira, kumene Luangwa athira madzi ake mu Zambezi moyang'anizana ndi Zumbo, tanthauzo lachiwirili linakhazikika kale, pakuti kumeneko kunkafika maulendo a Achikunda osenza minyanga ya njovu kudzagulana ndi Apwitikizi, amene m'chinenero chawo feira ndiye msika. David Livingstone naye anapyola pomwepo ndi ulendo wake mu 1856. Ndipo pambuyo pake Azungu a boma anawatola mawuwo natchula nawo kuyendera midzi kwa bwanamkubwa ndi amtengatenga ake.

Tsono anthu ochepa amene masiku ano amapangana kukwera midzi ya m'mapiri a Tuscany ku Italy, kulawa vinyo ndi mafuta a azitona khomo ndi khomo, ali ulendo ndithu monga mwa chilankhulo chathu, ngakhale kuti sasenza kamba. Chimodzimodzi iwo amene apatuka pa mlatho wa Luangwa kutsikira kwa Mburuma ndi kwa Mphuka, kumene mwini mudzi, podziwa kuti mlendo ndi mame, amafulumira kuwayalira mphasa pansi pa mlambe, nawapatsa nsomba zouma, masau owawasa, ndi kachasu wa masau omwewo wotchezedwa m'mamawa.