Pamene boma linazenga milandu ndi lamulo lakufa

Amati kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu pabwalo la milandu. Ine ndimavomereza. Koma nanga boma lenilenilo likapanda kudziwa lamulo lake, tinene kuti chiyani? Zoterezi zinachitikadi ku America, ndipo ndati lero tikumbutsaneko.

Kumeneko malamulo a dziko lonse ali pawiri. Oyamba amapangidwa ndi nyumba ya malamulo ya Congress: bilu imadutsa m'zipinda ziwiri, House ndi Senate, kenaka pulezidenti n'kusaina. Achiwiri ndi malamulo ang'onoang'ono amene nthambi za boma zimalemba ndi mphamvu zopatsidwa ndi Congress. Oyambawo ankasindikizidwa bwinobwino m'mabuku a Statutes at Large kuyambira 1845. Koma achiwiriwa, abale anga, analibe kwawo.

Franklin Roosevelt atatenga boma mu 1933, chuma cha dziko chitalowa pansi, malamulo ang'onoang'onowa anabuka ngati ngumbi mvula itagwa. Lina linaletsa kupopa mafuta a pansi panthaka mopyola mlingo. Anthu ena ku Texas anazengedwa milandu chifukwa cha lamuloli, nkhani n'kufika kubwalo lalikulu la Supreme Court mu 1934. Apa m'pamene zinaululika kuti ndime imene ankazengera anthuwo inali itafufutidwa mwangozi mu September 1933, polemba chikalata china cha pulezidenti. Pafupifupi chaka chathunthu, ngakhale maloya a boma omwe osadziwa! Oweruza, makamaka Louis Brandeis, anafunsitsa kuti munthu wamba angakalipeze kuti lamulo lotere. Yankho logwira mtima panalibe. Paja safunsa anadya phula.

Manyazi amenewa ndiwo anathandiza kubala Federal Register, gazeti ya boma. Lamulo loikhazikitsa linasainidwa mu July 1935, ndipo kope loyamba, la masamba 16, linatuluka pa 14 March 1936. Mpaka lero imatuluka tsiku lililonse la ntchito. Koma kufufuza m'mulu wa magazeti n'kotopetsa, choncho mu 1938 anasanja malamulowo m'zigawo 50, chilichonse ndi nkhani yake, n'kuwatcha Code of Federal Regulations. Mu 1946 anaonjezera chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu koposa: nthambi ya boma izilengeza kaye lamulo lomwe ikufuna kukhazikitsa, anthu n'kupereka maganizo awo lisanayambe kugwira ntchito.

Ndiye wofufuza amatani? Amayamba ndi United States Code, mmene malamulo a Congress akhala akusanjidwa kuyambira 1926. Akatero amaona zimene nthambi yalemba mu Code of Federal Regulations, n'kumalizira mu Federal Register kuti aone ngati sipanasinthe kanthu posachedwapa. Kuyambira 1994 gazetiyi imapezekanso pa intaneti.

Ena amadandaula kuti mapepala achulukitsa. N'zoona, pachaka masamba amakwana zikwi makumimakumi. Komatu kuli bwino kutopa ndi kuwerenga kusiyana n'kumangidwa ndi lamulo lomwe ngakhale mwini wake sakulidziwa. Lamulo lobisika ndi msampha basi, ndipo ku Texas kuja unakola wotchera yemwe.