ASODZI A KU NIDA: MCHENGA UNAWALEPHERA, NKHONDO NDIYO INAWATHA

Lero ndatalikitsa, ndiye amene muli pa ntchito sungani muwerenge madzulo mutakhala pansi. Nkhani yake ndi ya asodzi a kutali, ku Lithuania, anthu amene anali ndi nyanja yawo, mabwato awo ndi chilankhulo chawochawo. Lero ukapita kumeneko nyanja uipeza, koma mabwatowo ali kumalo osungirako zakale, ndipo chilankhulocho chatsala m'dikishonale basi.

*Malo ake*

Lithuania ndi dziko laling'ono kumpoto kwa Ulaya, m'mbali mwa nyanja ya mchere ya Baltic. Anthu ake sakwana 3 miliyoni, likulu lake ndi Vilnius. Kumpoto achita malire ndi Latvia, kum'mawa Belarus, kumwera Poland ndi kachigawo ka Russia kotchedwa Kaliningrad.

Kugombe kwa dzikoli kuli chinthu chodabwitsa. Tayerekezani mzere wa mchenga wautali makilomita 98, koma wowonda moti pena ndi mamita 400 okha, ndipo potambalala kwambiri sipafika makilomita 4. Ukaima pamwamba pake, kumadzulo ukuona nyanja ya mchere, kum'mawa ukuona nyanja ina ya madzi opanda mchere imene eni ake amati Kuršių marios. Madzi ake amachokera mumtsinje wa Nemunas, ndipo amatulukira pa kakhomo kamodzi pa doko la Klaipėda. Ndi nyanja yotambalala koma yosazama, malo ambiri sipakwana mamita 4. Amene mumadziwa Malombe kapena Chilwa mwamva kale mtundu wa madzi amene ndikunena.

Nthano ya kumeneko imati mchengawo anautuuta ndi chimtsikana chachikulu dzina lake Neringa. Akuti chinkamvera chisoni asodzi amene ankamira ndi namondwe, ndiye chinanyamula mchenga m'chovala chake n'kuuthira m'nyanja kuti mafunde asawafike. Mpaka lero boma la dera limenelo limatchedwa Neringa.

*Anthu a zilankhulo zitatu*

Asodzi a pa mchengapo ankatchedwa Kuršininkai m'Chilithuania, kapena Kursenieki m'Chilatvia. Makolo awo anatsika ndi gombe kuchokera ku Courland, dera la ku Latvia, kuyambira m'zaka za m'ma 1400, nkhondo za asilikali a mtanda a Chijeremani zitasiya maderawo opanda anthu. Chilankhulo chawo chinali mphukira ya Chilatvia. Chilatvia ndi Chilithuania ndi pachibale, ndipo ziwirizi ndi zokhazo zatsala m'banja la zilankhulo za Baltic. Chachitatu, cha anthu a Prussia akale, chinafa cha m'ma 1700, dzina lokha n'kutengedwa ndi Ajeremani amene anawagonjetsa.

Kwa zaka mazana ambiri dera la asodziwa linali m'manja mwa Ajeremani a ku Prussia. Ndiye msodzi wa ku Nida ankakhala ndi zilankhulo zitatu m'kamwa. Kwa bwana wa boma, Chijeremani. Kutchalitchi cha Lutheran, nthawi zambiri Chilithuania. Koma panyumba, makamaka m'bwato, chawocho. Mayina a mphepo, a maukonde, a zingwe, a malo oponyera, zonse zinali m'chilankhulo chimenecho. Chosungani m'mutu apa ndi ichi: chilankhulo cha m'bwatochi sichinkaphunzitsidwa kusukulu, sichinkalalikidwa paguwa, ndipo Baibulo lake kunalibe. Tibwererako.

*Bwato, ukonde ndi akhwangwala*

Bwato lawo linkatchedwa kurėnas. Linali la matabwa a mtengo wolimba wa oak, lopitirira mamita 10, lopakidwa phula lakuda, loyenda ndi thanga. Pansi pake panali pophwatalala kuti lizitha kuyenda ngakhale pa madzi ofika m'mawondo, ndipo m'mbali linali ndi thabwa lalikulu limene ankalitsitsira m'madzi kuti mphepo isawakankhire cham'mbali. Ukonde waukulu ankaukoka mabwato awiri, lina uku lina uku, mphepo ndiyo injini. Alovi a chilimira apa palibe chachilendo, eti? Nsomba imene inkabweretsa ndalama inali mkunga, ndipo ankaiwamba ndi utsi.

Vuto linali nyengo yozizira. Kumeneko nyanja imauma gwaa, mpaka hatchi ndi ngolo kumayenda pamwamba pa madzi. Asodzi ankaboola dzenje, n'kulowetsa maukonde pansi pa madzi oumawo ndi mitengo yaitali. Kenaka ankalowetsa thabwa m'dzenjemo, mbali ina ili kunja, n'kumaliwomba ndi timitengo ngati ng'oma, kuti phokosolo lisonkhezere tinsomba totchedwa stinta tilowe mu ukonde. Koma panali masabata ena oipa, pamene madzi auma pang'ono: bwato silingadutse, munthu sangapondepo. Imeneyo inali nthawi ya njala.

Nde mukudziwa ndiwo yake inali chiyani? Akhwangwala. Zoona izi. Pa mchengapo chimanga kapena tirigu sizinkachita bwino, koma mbalame zambirimbiri zimadutsa pomwepo posamuka. Asodzi ankatchera ukonde pansi, n'kumangirira akhwangwala angapo amoyo kuti aitane anzawo. Akakodwa, msodzi ankamuluma m'mutu kamodzi n'kufa pompo, kenaka n'kuwathira mchere m'migolo. Ajeremani mpaka anawapatsa dzina lachipongwe lotanthauza "oluma akhwangwala". Musaseke, abale. Ife tomwe a mbewa ndi ngumbi ena amatiseka.

*Lamulo limene linasanduka luso*

Nsomba zitayamba kuvuta, boma la Prussia linagawa nyanja: mudzi uliwonse malo ake, ukonde uliwonse nyengo yake. Koma pa madzi akulu chonchija, wakuba umudziwa bwanji ali patali? Mu 1844 mkulu woyang'anira za usodzi, Ernst Wilhelm Beerbohm, analamula kuti bwato lililonse likhale ndi chizindikiro cha mudzi wake pamwamba pa mlongoti. Midzi inali yoposa 100, uliwonse ndi kalembedwe kake. Ya pa mchenga inapatsidwa chakuda ndi choyera, ya kugombe la kum'mawa chofiira ndi choyera, ya kumwera chachikasu ndi chabuluu. Woyang'anira akangoyang'ana ndi galasi lake, wadziwa kale kuti awa ndi a mudzi wakuti ndipo alowa m'madzi a eni.

Poyamba chinali chinthu cha chindapusa basi. Koma msodzi ndi msodzi. M'miyezi yozizira ija, atakhala m'nyumba ndi kampeni, anayamba kusema timatabwa n'kumakometsera chizindikiro chija: kanyumba, katchalitchi, kangalawa, nyali ya padoko, chinyama cha nyanga cha m'nkhalango mwawo. Pomafika zaka za m'ma 1900 bwato lililonse linali ndi chake, chozungulira ndi mphepo, ndipo mwini wake ankanyadira nacho. Amachitcha vėtrungė. Chimene boma linabweretsa kuti lizigwira nacho anthu, anthu anachisandutsa ulemu wawo.

Ngakhale kumanda anali ndi zawozawo. Mmalo mwa mwala ankaika thabwa losema lotchedwa krikštas, ndipo ankalizika kumiyendo, osati kumutu, akuti womwalirayo adzagwirirepo podzuka tsiku lomaliza. Ena akadalipo m'manda akale a ku Nida.

*Mchenga utayamba kuyenda*

Kale mzere wa mchengawu unali nkhalango. Anthu anadula mitengo ya matabwa, ya phula, ya nkhuni, ziweto n'kumadya zophukira, ndipo pa nkhondo imene asilikali a Russia analowa mu Prussia mu 1757 kudulako kunanyanya. Mizu itatha, mphepo ya kunyanja inayamba kukankha mchenga. Milu yake inakula ngati mapiri, ina kupitirira mamita 50, n'kumasendera kum'mawa chaka ndi chaka, komwe kunali midzi.

Sunkabwera ngati chigumula ayi. Chaka chino wakwirira dimba, chaka chamawa uli pa zenera, chaka chinacho mukutulukira padenga. Midzi 14 inakwiririka. Karvaičiai, mudzi umene unali ndi tchalitchi chake, unatheratu mu 1797. Nida yeniyeniyo inasamuka kangapo. Patapita zaka, mulu ukadutsa, mphepo inkafukula mafupa a m'manda akale kumbuyo kwake.

Apa ndi pamene anthuwa anaonetsa khama. Mu 1825 banja la a Kuwert, limene linkayendetsa positi ku Nida, linayamba kubzala mitengo kuti mchenga usafike pa nyumba. Kenaka boma linalowererapo, ndipo mkulu wina, Wilhelm Franz Epha, anatsogolera ntchitoyi kwa zaka zambiri. Njira yake inali ya manja: kumanga mpanda kugombe kuti mchenga watsopano uziima pomwepo, kuzika timipanda ta nthambi m'mabwalo ang'onoang'ono pa mulu wonse, kubzala udzu wa mizu yaitali, kenaka timitengo ta paini. Amayi ambiri a m'midzimo ndi amene ankasenza ndi kubzala. Kubwezeretsa kunadya pafupifupi zaka 100, koma mchenga unaima. Midzi yotsala inapulumuka.

*Mwana wa mudzi wokwiririka*

Ku Karvaičiai kuja kunabadwa mwana mu 1776, Ludwig Rhesa, amene a Lithuania amamutcha Liudvikas Rėza. Anakula wamasiye, koma anaphunzira mpaka kukhala pulofesa pa yunivesite ya Königsberg. Mudzi wake utapita pansi pa mchenga, iye anagwira ntchito yoti zina zisakwiririke. Anakonza Baibulo la Chilithuania, mu 1818 anasindikiza Metai, ndakatulo yaitali ya m'busa Kristijonas Donelaitis imene inangokhala m'mapepala mwini wake atamwalira, ndipo mu 1825 anatulutsa buku la nyimbo za anthu a kumidzi.

Muone kusiyana kwake tsopano. Chilithuania chinali ndi buku kuyambira 1547, pamene Martynas Mažvydas anasindikiza katekisimu ku Königsberg. Ndiye pamene boma la Russia, limene linkalamulira mbali yaikulu ya Lithuania, linaletsa kusindikiza Chilithuania m'zilembo za Chilatini kuyambira 1864 mpaka 1904, anthu anali ndi poyambira. Mabuku ankasindikizidwa ku Tilsit, mbali ya Prussia, ndipo anthu wamba otchedwa knygnešiai ankawaberekera kumsana usiku kuwoloka malire. Ogwidwa ena ankatumizidwa ku Siberia. Zaka 40 zinatha, boma linagonja, chilankhulo chinakhala. Koma cha asodzi chija panalibe buku loti munthu aberekere.

*Chimene mchenga unalephera*

Mu 1923 Lithuania inatenga dera la Klaipėda, malire n'kudula mchenga uja pakati, kumwera kwa Nida. Mu Malichi 1939 Hitler analitenganso. Kusukulu ndi m'maofesi Chijeremani chinali chitalowerera kale, ndipo achinyamata ambiri ankadziona ngati Ajeremani. Ndiye chakumapeto kwa 1944 ndi kumayambiriro kwa 1945, asilikali a Soviet Union akuyandikira, pafupifupi mudzi wonse unathawira ku Germany, ena pa ngolo, ena pa madzi. Klaipėda inagwa mu Januwale 1945.

Ochepa amene anabwerera anapeza nyumba zawo muli alendo. Boma latsopano linkawaona ngati Ajeremani, gombe linasanduka malo a asilikali olondera malire, usodzi unalowa m'makopaletivi a boma, ndipo mabwato a injini analowa m'malo mwa kurėnas. Akale aja ena anawola pagombe, ena anawaza nkhuni. Kuyambira 1958 otsalawo analoledwa kusamukira ku West Germany, ndipo ambiri anapita.

Ku Germany anabalalika, wina mzinda uwu wina uwo, kutali ndi madzi awo. Mawu a mphepo ndi maukonde ungamuuze ndani mufakitale? Ana anakula ndi Chijeremani. Mkulu wina wobadwira ku Nida, Richard Pietsch, ataona kuti zikutha, anakhala pansi n'kulemba dikishonale ndi buku la moyo wa asodzi m'chilankhulo chawocho. Anamwalira mu 2007. Lero olankhula chilankhulochi kuyambira kubadwa, ngati alipo, sakwana zala za dzanja limodzi.

Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika mchengawu pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse. Makilomita 52 ali ku Lithuania, otsalawo ku Russia. Nida ndi malo a alendo okaona malo, vėtrungė amagulitsa m'mashopu, zizindikiro za Beerbohm zija zili pa chidindo cha boma la Neringa, ndipo kurėnas angapo anakhomedwanso kuti anthu aziona. Zokongola ndithu. Koma woyendetsa bwatolo akamaitana mnzake kuti akoke chingwe, amaitana m'Chilithuania.

Anthuwa mchenga anaugonjetsa chifukwa ankauona ukubwera, ndipo aliyense anagwirapo. Chilankhulo chinapita opanda phokoso, chifukwa chinkakhala m'bwato mokha, ndipo bwato litachoka chinalibe pena pogona. Inu amene muli ndi agogo odziwa mayina a mphepo, a nsomba ndi a miyala ya pansi pa madzi imene salembedwa pa mapu, foni yomwe mukuwerengerayi imajambula mawu. Afunseni akadali moyo.

Tumizani kwa ena, makamaka a kunyanja.