Tanthauzo la dzina loti Booth

Mwana wa sukulu ku Mauwa, ku Chiradzulu kuno, akamaphunzira mbiri ya John Chilembwe amakumana ndi dzina loti Booth. Dzinali ndi la kumpoto kwa England, ndipo mpaka lero eni ake ambiri ali ku Lancashire ndi ku Yorkshire. Linachokera ku mawu a Chidanishi chakale otanthauza msasa, kanyumba kongoyembekezera komwe abusa ankagonamo akapita ndi ziweto kubusa lakutali. Munthu wokhala mumsasa wotere ankaitanidwa ndi mawuwa, kenaka ana ndi zidzukulu anawatenga kukhala dzina la banja.

Kuno dzinali silinafale ngati Phiri kapena Banda, koma tikulidziwa chifukwa cha munthu mmodzi. Joseph Booth, wobadwira ku Derby mu 1851, anafika m'dziko muno mu 1892 n'kukhazikitsa mishoni ku Mitsidi. Mu 1897 anapita ndi Chilembwe ku America. Atabwerako mu 1900, Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma lomwe lino la Chiradzulu.

Inunso funsani agogo komwe dzina lanu linachokera, akadali moyo.